Mmene ndimadziwira zaka za chitoliro poyang'ana siriyo nambala

Ndimayamba ndachigawa chitoliro choimbiracho (flute) m'zidutswa zake zitatu: mutu, thunthu ndi phazi. Nambala ndimaifuna pa thunthu. Ena amaidinda kumtunda, pafupi ndi dzina la kampani pomwe mutu umalowera, ena kumbuyo chakumunsi kapena pa kachitsulo komwe pamakhala makiyi. Ndimapukutapo ndi kansalu kofewa, n'kuunika ndi tochi ya foni chammbali kuti timizere tichite mthunzi. Musayerekeze kukwecha ndi polishi wokhakhala: siliva wokutira pamwambayo ndi wopyapyala, amachokera limodzi ndi nambala.

Ambiri amasochera apa. 221 ya pa Yamaha kapena 2SP ya pa Gemeinhardt si siriyo ayi, ndi dzina la modelo, zitoliro zankhaninkhani zili nalo. 925 nayo ikungonena kuti m'magawo 1,000 a chitsulocho, 925 ndi siliva.

Ndikaipeza yeniyeniyo ndimaijambula, chifukwa 3 wofufutika amaoneka ngati 8, ndipo nambala imodzi yolakwika ingakutayeni ndi zaka zambiri. Zikakhala za Haynes, kampani ya ku Boston yomwe inayamba mu 1888, kapena Powell ya 1927, ntchito ndi yopepuka: manambala awo amatsatizana, ndipo mndandanda wa zaka ulipo. Powell nambala 365, chitoliro chotchuka chopangidwa ndi chitsulo cha platinamu, ndi ya 1939, choncho ya nambala yochepera apo ndi yakale kuposa pamenepo. Za Yamaha ndimadalira modelo ndi dziko lolembedwapo, Japan kapena Indonesia. Zimenezi zimangondipatsa nyengo, osati chaka chenicheni. Ndikachifunitsitsa chakacho, ndimalembera kampaniyo n'kutumiza zithunzi za nambala ndi dzina.

Komatu nambala ikunena za thunthu lokha. Oimba amasinthasintha mitu, ndiye ndimaona ngati dzina la pa mutu likufanana ndi la pa thunthu, komanso ngati mutuwo ukulowa bwino osagwedera. Za siliva zopangidwa ku England, monga zina za Rudall Carte, zimakhala ndi tizidindo ta boma, ndipo kalemba kamodzi pamenepo kamatchula chaka.

Chotsiriza ndi kuchiliza pa tuner, kachipangizo koyezera kukwera kapena kutsika kwa mawu. Zamakono zimakonzedwa kuti liwu lotchedwa A lizikhala pa muyeso wa 440 kapena 442, pomwe zakale zambiri za ku France zinali pa 435. Mndandanda ukamati n'chatsopano koma mawu ali pansi chotero, ndimabwereranso ku chithunzi chija kukaiwerenganso nambala ndisanatchule mtengo.