Ganyu wa K500

Tsiku lokaonekera kwa makolo a bwenzi langa ndinatchena ngati ndikukalumbira unduna. Suti ndinasankha pa kaunjika wa ku Tsoka, nsapato ndinabwereka kwa mnzanga wina wa phazi laling'ono, ndipo m'chikwama ndinalongedzamo shuga, sopo, mafuta ophikira ndi chitenje cha apongozi. Mkaziyo anali atatsogola dzulo lake. Chenjezo lake linali limodzi: "Bambo anga alibe vuto. Koma amalume, eni mbumba, mukasamale nawo."

Minibasi yochokera ku Lilongwe inanditsitsa pa Chimbiya. Munali mu June, mphepo ya ku Dedza ikuluma makutu. Wa kabaza anatchula mtengo wondikwiyitsa, ndiye ndinati ndiyenda wapansi. Sindinapite patali, nsapato zija zinayamba kundidya zala, chikwama nacho chikulemera mowonjeza.

Apo ndi pomwe ndinakumana ndi mkulu wina akuchokera kudimba, khasu paphewa, malaya ong'ambika kumsana, thalauza atamanga ndi luzi, matope mpaka m'mawondo.

"Madala, mukufuna ganyu?"

Anandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato. "Ganyu sakana, bwana."

Ndinatchula mudzi ndi banja lomwe ndimapitako. Anati akulidziwa bwino. Anasenza chikwama pamutu, ine pambuyo ndikutsimphina mwaulemerero. Munthu ukapepukidwa katundu, pakamwa pamayabwa.

"Nanga amalume ake a mtsikanayu mumawadziwa? Ndamva ndi ovuta."

"Eee, ovuta kwambiri."

"Ndi oumira eti?"

"Musanene. Ngakhale nkhuku zawo zimadandaula."

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinawauzanso kuti anthu akumudzi savuta kuwagonjetsa, ukangovala suti ndi kuponyamo Chingerezi pang'ono basi, amagwada okha. Ndinaululanso kuti nsapatozo n'zobwereka. Iwo ankangoti, "Zoona, bwana."

Titayandikira nyumba ya malata, pambali pake pali chigayo ndi lole, anatsitsa chikwama. Ndinawapatsa K500. Anailandira ndi manja awiri, n'kuzimirira kuseri kwa nkhokwe.

Anandilandira bwino. Anandiyalira mphasa, nkhuku inalira kukhitchini, bwenzi langa likundisuzumira pazenera. Kenako mwana wina anabweretsa mpando wandalema n'kuuika kutsogolo kwanga. Onse anakhala chete.

Munthu amene anatuluka m'nyumbamo anali atasamba, atavala jekete yabwino kuposa yanga ndi chipewa. Koma nkhope inali yomwe ija. M'mimba mwanga munabwadamuka. Ndinayang'ana njira ya kuchimbudzi, ndinayang'ana njira ya ku Chimbiya, zonse zinali kutali.

"Mwayenda bwanji, bwana?" anatero akukhala pansi. "Vulani nsapatozo, mwini wake angadzakulipitseni."

Apongozi aakazi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Amalume anafotokozera bwalo lonse ulendo wathu, osasiyako liwu ngakhale limodzi, mpaka za nkhuku zodandaula zija, ngakhale kuti mawuwo anali awo omwe. Kenako anatulutsa K500 ija, n'kuiwongola pabondo.

"Mtunda umene uja anyamata amanyamulira K2,000. Munthu woumira ngati ine sangasiye yotsalayo."

Ndinapereka, ndipo imeneyo inali ya thiransipoti yobwerera. Chingerezi sichinatuluke tsiku limenelo. Ngakhale Chichewa chimene chinkatuluka modukizadukiza, ndipo ntchafu ya nkhuku ndinaimeza osaimva kukoma.

Madzulo amalume anandichitira chifundo. Lole ija inali yawo, chigayo chawonso, ndipo usiku womwewo inkapita ku Lilongwe ndi matumba a mbatata ya kachewere. Anandikweza pamwamba pa matumbawo, nsapato zili m'manja. Galimoto isananyamuke ndinawamva akuuza dalaivala kuti, "Mukafika, bwanawa akuthandizeni kutsitsa katundu. Mukawapatse K500."