Paki ikutha ife tikudikira siginecha

Sabata ino yandiwawa mtima. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse kwa ife oyeza malo, kuyeza mapuloti, kusayina mapulani, kulimbirana galimoto yomwe ilipo imodzi dipatimenti yonse komanso mafuta ake mpaka ulembe memo. Zimenezo tinazolowera. Nkhani ndi ya Lachitatu.

Tinapita ku paki ina yomwe anthu okhala pafupi akhala akudandaula kuti ikuchepa. Pa pulani yoyambirira malowo ndi open space, malo a tonse osayenera kumangapo, kumtunda kuli bwalo lomwe ana amasewerapo mpira, kumunsi kuli dambo lomwe madzi a mvula amatsikirako. Titayatsa GPS kuti tipeze bikoni ya pakona, chizindikiro cha malire chomwe timakhoma pansi, makina akutilozera mkati mwa mpanda wa njerwa wa munthu, mkati mwenimweni osati m'mphepete ayi. Mabikoni ena anachita kuzulidwa, maenje ake nkukwiriridwa. Mwini mpanda anatuluka osatekeseka ngakhale pang'ono, kutionetsa kalata yokhala ndi chidindo cha ofesi yathu yomwe, nkutiuza mwaulemu kuti tisadzivutitse nkhaniyi inatha kale ndi mabwana athu.

Madzulo ake ndinatsegula Google Earth kubwerera pa zithunzi zakale za malowo zojambulidwa kuchokera m'mwamba, ndipo zonse zikuoneka poyera. Kanayamba ngati kadimba, kenako potsukira magalimoto, kenako waya, kenako maziko, lero mpanda wautali kuposa ine. Sanalande tsiku limodzi, amangosuntha pang'onopang'ono nkumaona ngati pali amene alankhule, ndipo palibe analankhula. Anzanga a survey mukudziwa, malo a tonse ndi amene amakhala opanda mwini wowalondera, munthu utamusunthira mpanda wa puloti yake ndi phazi limodzi mawa lake ali ku khoti koma paki ikamadyedwa aliyense amati aboma aona.

Lachinayi ndinapita ku registry kukafuna fayilo ya malowo, akuti sikupezeka. Fayilo ya puloti yoyandikana nayo ilipo, ya mbali inayo ilipo, yasowa ya paki yokhayo basi. Ndinalemba kalata yoimitsa ntchito yomanga pa malowo, mpaka pano ili pa tebulo la bwana ikudikira siginecha pomwe amisiri akuthira konkire mpaka usiku. Ndipo tonse tikudziwa mapeto ake, akangofolera denga athamangira ku khoti kukatenga chiletso, mlandu nkukhala zaka. Koma mayi wa kagolosale ka malata m'mbali mwa msewu timamugumulira m'mawa umodzi, galimoto ndi mafuta zimapezeka tsiku limenelo. Zimenezi ndi zomwe zimandichititsa manyazi ndikavala yunifomu.

Komanso si nkhani ya mpira wa ana yokha. Dambo limamwa madzi, ukalitseka ndi mpanda ndi simenti madziwo sasowa, amapeza njira ina ndipo njira yake ndi m'nyumba za anthu a kumunsi omwe sanalakwe kanthu. Mvula ikadzabwera adzatukwana ife oyeza malo kuti tinagona.

Ndimaganizira Wangari Maathai, mayi wa ku Kenya yemwe ankateteza chilengedwe. Mu 1989 boma la Kenya linkafuna kumanga nyumba ya nsanjika 60 mu Uhuru Park ku Nairobi, mayiyo anakana, analemba makalata, anapita ku khoti, aphungu anamunyoza mu Nyumba ya Malamulo koma nyumbayo sinamangidwe. Iyeyo amalimbana ndi boma lonse, ife tikukanika munthu mmodzi chifukwa cha siginecha.

Lachisanu ndamaliza lipoti, ndaikamo ma coordinate, manambala osonyeza pomwe pali malire, zithunzi zakale ndi zatsopano komanso kope ya kalata yachidindo ija kuti aone yemwe anaisayina. Ndapereka kwa bwana, ina kwa wapampando wa komiti yoona za mapulani, ina ndasunga ndekha popeza mafayilo akusowa. Lolemba ndikapempha galimoto kuti tikabwezeretse mabikoni, ndipo ndauza anthu odandaula aja adzabwere adzaonerere pomwe tikuwakhoma kuti adziwe malire enieni a paki yawo.