Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Nyerere pa chingwe cha bwato

Sukulu ya ukachenjede ndinailekera panjira mu 2017, fizi itasowa. Ndinabwerera ku Makawa kwa amalume, asodzi a usipa. Masana tinkasoka chilimira pansi pa mtengo wa mango. Usiku iwo akalowa m'nyanja ndi nyali zawo, ine ndinkatsala pamchenga ndi foni, kuwerenga za mphamvu yokokera zinthu pansi, ija ophunzira amati gravity.

Chinkandisowetsa tulo ndi kamaginito kamene ndinachotsa m'sipika ya wailesi yakufa. Kakang'onong'ono, koma kankanyamula mbedza pamchenga, chonsecho dziko lonseli likuikokera pansi. Dziko lalikulu chonchi, mphamvu yake n'kuchepa choncho?

Tsiku lina amalume anandipeza nditanjuta pafupi ndi chingwe chomangira bwato.

"Mphwanga, ukuonapo chiyani pamenepo?"

"Nyerere, amalume."

Ndinawafotokozera kuti ukaima patali, chingwe chimangooneka ngati mzere, koma nyerere imachizungulira. Iyo ili ndi njira imene ife sitiiona. Kwa wasayansi Albert Einstein, mu 1915, chilengedwe chili ndi mbali zinayi: m'litali, m'lifupi, m'mwamba ndi nthawi. Theodor Kaluza anawonjezera yachisanu mu 1921, ndipo mu 1926 Oskar Klein anati mbaliyo ndi yopindika mozungulira, yochepetsetsa moti diso silingaione. Amene anandigwira mtima ndi Lisa Randall ndi Raman Sundrum, omwe mu 1999 anati mwina mphamvu yokokayi ndi yaikulu kwina m'mbali yachisanuyo, ife timangolandirako nyenyeswa.

Amalume sanayankhe. Anangoitsata nyerereyo ndi maso mpaka inalowa m'bwato.

Mu Okotobala chaka chomwecho cha 2017 kunamveka nkhani. Pa 17 Ogasiti makina a LIGO ku America anali atamva mafunde a mphamvu yokoka ochokera ku nyenyezi ziwiri zimene zinawombana, ndipo kuwala kwake kunafika patangopita masekondi 1.7, pa ulendo wa zaka pafupifupi 130 miliyoni. Izi zinasonyeza kuti mafundewo amathamanga pa liwiro la kuwala monga ananenera Einstein, choncho maganizo ambiri ofuna kusintha mfundo zake anagwera pomwepo. Zinandiwawa, paja ena ndinali nditawakonda. Koma usikuwo sindinagone, ndinkangowerengetsera m'kope ndi tochi ya foni mpaka mabwato anakocheza.

Amalume anayang'ana kopelo nthawi yaitali. Atagulitsa usipa, anandifumbatitsa ndalama zonunkha nsomba.

"Kwera minibasi, mphwanga. Ukafunse ngati angakulandirenso kusukulu kuja."