Sabata yachisanu ndi chiwiri ndi poto wamagetsi wosungunulira phula

M'mawa uno ndatulutsa makandulo 14 m'zikombole. Awiri ndi okhota ngati nthochi, koma 12 enawo ndi oyamba amene ndingapatse munthu osayamba ndapepesa.

Kale ndinkasungunulira pa mbaula, kuseri kwa nyumba kuno ku Matawale: chitini cha mkaka wa ufa m'kati mwa sefuliya ya madzi owira, ine ndili kalikiliki kukupiza makala. Zinkatheka ndithu, koma phulusa linkagweramo, ndipo tsiku lina phula litadonthera pa makala moto unalilima mpaka kundiwaula nsidze. Alamu anga atamva nkhaniyo anandibweretsera potoyu kuchokera ku Johannesburg. Ndi wakuya, wa malita asanu, ali ndi kabatani kozungulira kokhala ndi manambala, ndi kampopi m'munsi kotulutsira phula. Kunsi kwake analembako 230V ndi 1,000W.

Vuto loyamba linali pulagi. Ya ku South Africa ili ndi mano atatu akuluakulu obulungira, pomwe masoketi athu amafuna mano amakona. Ndinagula adaputa yotchipa, ndipo pasanathe theka la ola inayamba kununkha pulasitiki wopsa. Mnyamata wokonza zamagetsi anadula pulagiyo n'kuikapo yathu yokhala ndi fyuzi ya 13 amp, nkhani n'kuthera pomwepo. Amene muli ndi abale ku America musawatume poto wotere musanafunse, chifukwa kumeneko zipangizo zambiri ndi za 120V. Mukalumikiza kuno, mungoona utsi.

Chimene chinandipweteka mtima kwambiri ndi kabatani kaja. Ndinkakakhulupirira ngati mawu a m'busa. Tsiku loyamba kusungunula phula la njuchi ndinakaika pa 80, n'kupita kukachapa. Pobwera ndinapeza phula lija, lomwe linali lachikasu ngati dzira la nkhuku yachikuda, litasanduka lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, fungo la uchi litatheratu. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndipo likadutsa cha m'ma 85 limayamba kuda. Ndiye 80 inalakwa chiyani? Yankho ndinalipeza nditakwera minibasi kupita ku Limbe kukagula themometa ya kukhitchini, yokhala ndi kachitsulo katali koviika. Ndinaika kabatani pa 70 n'kuviika mpaka pansi. Inawerenga 93, chibuma cha phula chikuyandamabe pamwamba chosasungunuka. Moto wa potoyu uli pansi pokha, ndipo thermostat, yomwe imayatsa ndi kuzimitsa motowo, imamva kutentha kwa chitsulo pamalo pomwe yakhudza, osati kwa phula lonse. Imayaka, n'kuzima, n'kuyakanso, ndipo pakati pamenepo kutentha kumakwera ndi kutsika mosaumira.

Tsopano ndimaduladula phula tizibenthu tating'ono ndi chikwanje, ndimayambira pa nambala yotsika, ndimatakasa ndi kamthiko komwe ndinakapatula kuti kasadzalowenso mu nsima, ndipo themometa sichoka m'poto. Manambala a pa kabatani ndinawamata ndi tepi n'kulembapo anga ndi bolopeni. Kunena zoona, poto wa ndalama zambiri chonchi wopanda themometa amaposedwa ndi chitini changa chija, chifukwa madzi owira sapitirira madigiri 100 ngakhale mutakoleza makala thumba lonse.

Phula la njuchi ndimagula kwa agogo ena amene amabwera ndi uchi mumsika wa Zomba. Amandisungira zisa zomwe afinya kale uchi. Zimabwera ndi zonse: njuchi zakufa, timitengo, makungwa. Sabata yachitatu ulesi unandigwira, ndinangoziponya m'poto wamagetsi momwemo. Kampopi kanatsekeka, ndipo ndinatha Loweruka lonse ndikukatokosa ndi waya wa njinga. Nditawauza agogowo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, zisa amayamba aziphika m'madzi. Mwaonapo munthu akupita kuchigayo ndi chimanga chosapeta?"

"Ndimati magetsi achita zonse, agogo."

"Magetsi alibe maso."

Ndiye mbaula sinapume ntchito. Zisa ndimaziwiritsa m'madzi pa makala, n'kusefa ndi chitenje chakutha, n'kusiya usiku wonse. Kukacha phula limakhala litaundana pamwamba pa madzi ngati chikondamoyo, zinyalala zitakakamira kunsi kwake. Ndimapala kunsiko ndi mpeni, kenako n'kuliyanika masiku awiri. Kuyanikako si mwambo chabe. Madzi ndi olemera kuposa phula, ndiye amakakhala pansi pa poto, pomwe pali moto. Akawira amaphulika, phula lotentha n'kuthovokera kumaso. Ndili ndi kachipsera padzanja kondikumbutsa zimenezi.

Za kuthima kwa magetsi nanga ndinene chiyani. Lachinayi lina ndinali nditasungunula makilogalamu atatu, zikombole zili chire, zingwe nditamanga kale, basi phethi. Bambo a kunyumba anasuzumira m'khitchini n'kunena kuti, "Mayi a ana, ndiye kuti mukudikira magetsi kuti mupange zoyatsa magetsi akathima?" Sindinawayankhe. Ndinathamangira kutsegula kampopi, koma kampopi ndi kamene kamayamba kuzizira, moti ndinangodzaza zikombole zinayi kenako kanauma gwa. Magetsi atayaka usiku ndinatsala pang'ono kulakwitsanso. Phula likaumira m'poto, pansi pamasungunuka msanga pamwamba pakadali chikhokho cholimba, ndipo losungunukalo limafufuma n'kufuna potulukira. Ndinaboola chikhokhocho ndi kachitsulo kotentha mpaka pansi, kenako n'kuyatsa pa moto wochepa. Panopa magetsi akangothima nditunga ndi kapu yachitsulo kuchokera pamwamba, za kampopi ndimaziiwala.

Mayunitsi sakutha monga ndinkaopera. Chipangizo cha 1,000W chimadya yuniti imodzi pa ola ngati chikuyaka osalekeza, koma potoyu phula likasungunuka amangoyaka mwa apo ndi apo. Ndinawerenga mita ndisanayambe ndi nditamaliza: ntchito ya maola atatu sinafike mayunitsi awiri.

Pomwe potoyu wandigwira mtima ndi pa kuthira kachiwiri. Phula likamazizira limanyala, makamaka la parafini, lija lopangira makandulo wamba, ndipo pakati pa kandulo, mozungulira chingwe, pamatsala dzenje. Nthawi zina dzenjelo limabisala m'kati, pamwamba pakuoneka bwinobwino, n'kudzaonekera kandulo ikuyaka, moto n'kumira. Mankhwala ake ndi kuboola timabowo pafupi ndi chingwe phula likayamba kulimba, n'kuthiranso lina lotentha. Pa mbaula zimenezi zinkatanthauza kukolezanso moto patatha ola limodzi kapena awiri, ndipo nthawi zambiri ndinkangoti zikhale momwemo. Pano phula limandidikira m'poto lili lamadzimadzi, ine n'kupita kukaphika ndiwo, n'kubwera kudzatsegula kampopi.

Nyengo ino nayo ili ndi zake. Julaye wa ku Zomba mukumudziwa, chifunga chikatsika m'phiri m'mawa ngakhale zala sizigwira bwino machesi. Zikombole zanga ndi mapaipi a PVC oduladula, otsekedwa kunsi, ndipo zikazizira usiku wonse phula limagwira khoma n'kuuma nthawi yomweyo, kandulo n'kutuluka ndi mizeremizere yoyera ngati mphete. Ndayamba kuthira masana, zikombole nditaziwotcha padzuwa, phula lili cha pa madigiri 80, ndipo ndikamaliza ndimafunditsa zonse ndi katoni kuti zizizire pang'onopang'ono. Mizere ija yatha. Kuti kandulo ituluke msanga ndimapaka timafuta tophikira m'kati mwa paipi, pang'ono zedi.

Kasakanizidwe ka lero kanali magawo anayi a phula la parafini ndi gawo limodzi la njuchi. La parafini ndi zotsala za makandulo zomwe amayi a kutchalitchi amanditolera, kuphatikizapo zomwe ana a pamdadada pano amabweretsa posinthana ndi maswiti. Poyeza ndimadzaza chikombole ndi madzi, n'kuwayeza pa sikelo, n'kuchotsapo gawo limodzi mwa magawo khumi, popeza malo olowa lita imodzi ya madzi amalowa phula lokwana pafupifupi magalamu 900.

Chivindikiro cha poto chimakhala pafupi nthawi zonse, pamodzi ndi ndowa ya mchenga. Phula limatha kugwira moto likafika cha m'ma 200, ndipo moto wa phula sathira madzi, amavindikira n'kuzula pulagi. Mwana wanga wamkazi ndamuloweza zimenezi ngati katekisimu, ngakhale saloledwa kufika pafupi.

Chomwe chikundisowetsabe tulo ndi chingwe. Ndimaluka ndekha ndi ulusi wa thonje, nkhosi zitatu, n'kuviika m'phula kuti chiwume chowongoka. Pa phula la parafini lokha chinkayaka bwino, koma phula la njuchi ndi lolemera kukwera m'chingwe, limafuna chonenepa. Imodzi mwa makandulo okhota aja ndaiyatsa pa 6 koloko madzulo ano kuti ndione. Pano ndi 8 koloko, yatsika pang'ono chabe, koma lawi ndi laling'ono ngati njere ya mpunga ndipo likukumba chitsime pakati, m'mbali mukutsala khoma. Loweruka ndiluka cha nkhosi zisanu ndi china cha zisanu ndi chimodzi, ndithire makandulo awiri okha, ndiwayatse pamodzi.