Masokosi Amaluwa Ofika M'mawondo: Mmene Anafikira pa Miyendo ya Ana

Masokosi a ana anayamba kukongoletsedwa kwambiri pamene miyendo inayamba kuonekera. Kale ku Ulaya ndi ku America, ana ankavala masokosi aatali opitirira bondo, ambiri akuda, omangirira ku chovala cham'kati. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 anyamata anatengeka ndi akabudula komanso mathalauza othera m'munsi mwa bondo, ndipo katumba atakhala poyera, oluka anapeza pojambula.

Maluwa awiri otchuka anachokera ku Scotland. Argyle, ya madayamondi odutsidwa ndi timizere topingasa, inatengera nsalu ya fuko la Campbell ku Argyll, ndipo kampani ya Pringle inaitchukitsa itatha nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Achiwiri ndi Fair Isle, dzina la kachilumba ka ku Shetland. Kalukidwe kake kanafala Prince of Wales, mwana wa mfumu ya ku Britain, atavala juzi yotere cha m'ma 1920. Maluwa amenewa, omwe akuluakulu osewera gofu ankavala, anatsikira kwa ana. Sukulu za ku Britain zinasankha zosavuta: sokosi yotuwa, mizere ya mitundu ya sukulu pamwamba.

Mpindiro wa pamwambawo sunali wokongoletsa chabe. Ubweya wa nkhosa ukachapidwa kangapo umakhwepa, sokosi n'kutsikira m'kakolo, choncho ankamanga lamba wa lasitiki m'munsi mwa bondo n'kupinda sokosi kuti amubise. N'chifukwa chake maluwa ambiri ankakhala pampindiro pokha. Vutoli linachepa nayiloni atapangidwa ku kampani ya DuPont mu 1935, kenako ulusi wotamuka wa Lycra mu 1958.

Ogula ndi oluka ambiri amaphonya za m'kati mwa sokosi, ndipo zimandiwawa kuona mwana akutsimphina chifukwa cha sokosi. Itembenuzeni muone m'kati. Pa Fair Isle, mzere uliwonse umalukidwa ndi mitundu iwiri, ndipo ulusi womwe sukugwira ntchito umadutsa kumbuyo. Ukadumpha mfundo zoluka (masitichi) zoposa zisanu osakoledwa, kachala ka mwana kamakodwamo povala. Ukakokedwa kwambiri, sokosi imakana kudutsa pachidendene ndipo imasiya mkanda pakatumba. Argyle yeniyeni ilibe ulusi wodutsawu: dayamondi iliyonse ili ndi kampukutu kake ka ulusi, mwendo umalukidwa choyala, n'kusokedwa kumbuyo. Msoko umenewo ukakhala wokhuthala umakhula khungu.

Poluka, yezani katumba pamene panenepa kwambiri, muchotseko gawo limodzi mwa magawo 10 kuti igwire, kenako muzichepetsa mfundo potsikira m'kakolo. Ulusi wabwino ndi wa magawo 75 a ubweya ndi 25 a nayiloni, chifukwa ubweya wokha umabooka msanga pachidendene. Chapani ndi madzi osapitirira madigiri 30, mutaitembenuza. Madzi otentha ndi kufikisa mwamphamvu zimalukanitsa ubweya, sokosi n'kufupika osabwereranso.