Ndevu zili ndi kumene zagonera

Mtima wakhala m'malo tsopano pa nkhani ya ziphuphu zimene zimatuluka pakhosi munthu akameta. Chinkandizunguza mutu n'chakuti lezala likhale latsopano, sopo akhale wabwino, madzi akhale ofunda, koma pakangopita masiku awiri kapena atatu khosi latupa, kolala ya malaya ikuwawa ngati yathiridwa tsabola. Ambiri timathamangira kusintha lezala kapena kudzola sipiriti wochuluka. Yankho lili pa mmene ndevu yagonera ndi malo amene yadulidwira.

Ndevu za ambiri a ife n'zopotana. Kathumba kamene ndevu imamera m'kati mwa khungu n'kopindika, choncho ndevu imatuluka itakhota kale. Lezala likaidula limasiya nsonga yosongoka ngati bango lodulidwa mopendeketsa. Ikadulidwa pamwamba pang'ono pa khungu, kawirikawiri imakula n'kupita kunja. Ikadulidwa pansi pa khungu, nsonga ija imaboola khoma la kathumba kake n'kuyamba kukulira m'mnofu. Ina imatuluka ndithu koma imakhota n'kubwerera kukabaya khungu pambali. Thupi limaiona ngati munga, ndiye limatupa, nthawi zina mpaka mafinya, ndipo pakapola pamatsala banga lakuda. Madokotala amati pseudofolliculitis barbae.

Funso ndi lakuti ndevu imadulidwa bwanji pansi pa khungu pamene lezala limayenda pamwamba. Mukakoka khungu ndi zala kuti liwongoke, ndevu imatulukira kunja kuposa msinkhu wake, mwaidula, mwasiya khungu, iyo yabwerera m'kati. Mukameta mobwerera, kulimbana ndi kumene yagonera, lezala limayamba laidzutsa kenako n'kuidula m'munsi. Mukakanikiza, zimachitika chimodzimodzi. Zometera za malezala atatu kapena asanu zinapangidwa dala kuti lezala loyamba likoke ndevu, lotsatira lidule isanabwerere. Kwa wa ndevu zowongoka nkhope imasalala bwino. Kwa ife ndi pamene pamayambira ziphuphu.

Za kamangidwe ka chometera cha lezala limodzi chimene ndikukamba pano, chija cha zidutswa zitatu, chogwirira, kambale ka pansi ndi chivindikiro, sindinenapo zambiri chifukwa mukuchidziwa. Kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni chiyambire pamene King Camp Gillette analandira patenti yake mu 1904. Chimene ambiri sitinachitepo ndi kujambula mapu a ndevu zathu, ndipo ine ndikuona kuti palibe chinthu china pa kameteredwe chimene chingapose ichi.

Siyani ndevu masiku atatu osameta. Ngati ziphuphu zilipo kale, siyani milungu itatu kapena inayi kuti zipole, muzingodula ndi sizasi kapena mashini osafika pakhungu. Ndiye tengani kathonje, kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje thonje silisowa, mukayendetse pang'onopang'ono pa tsaya, pa chibwano ndi pakhosi. Kumene kakuyenda mosalala ndi kumene ndevu zagonera. Kumene kakukodwa n'kusiya ulusi, mukubwerera. Jambulani nkhope pa pepala, muigawe zigawo zisanu ndi zitatu kapena khumi, pachigawo chilichonse mulembe muvi. Pa masaya mivi imaloza pansi kwa anthu ambiri. Pansi pa chibwano imayamba kupatuka. Pakhosi ndiye pali nkhani: m'munsi mwenimweni ndevu zambiri zimaloza m'mwamba, m'mbali zimaloza cha ku khutu, ndipo ena ali ndi kamalo kamene zimazungulira ngati madzi a pa dziwe lakuya. Munthu amene amameta kuchokera pa tsaya kutsika mpaka pa kolala amaganiza kuti akutsata ndevu, koma akafika m'munsi mwa khosi amakhala akumeta mobwerera osadziwa. Yang'anani pamene ziphuphu zanu zimachulukira, muyerekeze ndi pepala lija.

Kathonje aka ndinakaonera kwa aphunzitsi athu a sayansi pa sekondale yogonera konko, mzimu wawo uuse mumtendere. Lamulo la pasukulu linali lakuti mnyamata asaoneke ndi ndevu, ndipo anyamata ankameta pouma, lezala lili pamanja, ena kubwerekana. Bambo aja Loweruka ankaitana amene makosi awo atupa, kuseri kwa labu, atabwera ndi beseni, thaulo ndi burashi yawo. Aliyense ankamupatsa lezala lakelake logula ndi ndalama ya m'thumba mwawo, n'kuletsa kubwerekana chifukwa cha matenda oyenda m'magazi monga HIV ndi hepatitis B. Sankaseka mwana ngakhale khosi litaipa chotani. Ankagwira dzanja la mnyamata, kumuyendetsa ndi kathonje mpaka yekha amve kumene kakukodwa, ndipo wa ziphuphu zambiri ankakamupemphera okha kwa ahedi kuti akhale mwezi osameta. Chimene chimandipweteka n'chakuti m'kalasi khungu tinkaliphunzira ngati chithunzi choloweza pokonzekera MSCE, epidermis apa, dermis apa, kathumba ka tsitsi apa, ndipo palibe anatiuza kuti chithunzi chimenecho ndi khosi lomwe likuyabwali. Aphunzitsi ena ankangodziwa kupereka chibalo kwa wosameta. Pa maola onse aja a bayoloje, mphindi khumi zokha zikanakwana kulumikiza ziwirizi.

Mapu akakhalapo, zotsalazo ndi zothandiza muvi kuti utsatidwe popanda mphamvu. Ndevu youma ndi yolimba, imafuna mphindi ziwiri kapena zitatu ili m'madzi kuti ifewe, choncho metani mukangosamba, kapena ikani thaulo lonyowa lofunda pankhope mphindi zitatu zathunthu. Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, makala safunika. Chigubu chosiyidwa padzuwa masana chimakhala ndi madzi ofunda mpaka madzulo, ndipo madzulo ndi nthawi yabwino yometera, chifukwa wometa m'mawa n'kukwera njinga thukuta limalowa m'timabala tosaoneka tija n'kumaluma tsiku lonse.

Madzi a m'mijigo yambiri ya kuno ndi amchere komanso olimba, ndipo amapha thovu. Calcium ndi magnesium wa m'madzimo amagwirana ndi sopo n'kupanga zoyera zija zimamatira m'mbali mwa beseni, thovu n'kukhala lopyapyala losaterera. Kuwiritsa kumachepetsako kulimba kwina, koma mchere suchoka. Madzi a thovu lenilenilo safunika ambiri, theka la kapu lakwana, choncho sungani botolo la madzi a mvula osefa ndi kuwiritsa, kapena apampopi ngati kwanu kuli, likhale la ntchito imeneyi basi. Viikani burashi mphindi ziwiri, ifinyeni pang'ono, muizungulize pa sopo masekondi 30, kenako pankhope, mukuwonjezera madzi madontho atatu atatu. Thovu labwino limanyezimira ndipo lilibe timabowo ta mpweya. Likakhala la timabowo tikulutikulu madzi achuluka, likamaphwanyika ngati ufa madzi achepa. Ndi kutentha kwa kuno limauma msanga, ndiye pakani tsaya limodzi, metani, kenako linalo. Sopo wochapira zovala ayi, amaumitsa khungu.

Kagwiridwe: ikani chivindikiro cha chometera chogona pa tsaya, chogwirira chitaloza kunja. Tsitsani chogwiriracho pang'onopang'ono mpaka mumve lezala layamba kudya ndevu, kaphokoso kake kamamveka. Pamenepo lezala lapendeka pafupifupi madigiri 30 ndi khungu. Mukatsitsa kupitirira apo limapala m'malo modula, ndipo kutentha kwa nkhope mukatha kumachokera pamenepo. Musakanikize, kulemera kwa chitsulocho kwakwana. Kokani masentimita awiri kapena atatu basi, tsukani, kokaninso, mukutsata muvi wa pa pepala. Pamene thovu lachoka musabwerezepo. Dzanja linalo likhale kutali ndi khungu, kukweza chibwano pang'ono n'kokwanira.

Mukatha nkhope siisalala ngati ya mwana, mukaisisita mobwerera mumva timinga. Apa ndi pamene ambiri amalephera kupirira, amabwezanso lezala kuti amalize, n'kuwononga zonse. Timinga timeneto ndi nsonga zimene zatsala kunja kwa khungu, kumene ziyenera kukhala. Wokuonani ali chapatali pang'ono sangazione.

Tsukani ndi madzi ozizira. Ngati pali pochekeka, nyowetsani mwala wa alum, mchere wina wothandiza kuletsa magazi, muusisite pamenepo, mudikire masekondi 30, mutsukenso. Alum amalumanso kwambiri pamene mwakanikiza, ndiye amakuuzani malo amene dzanja linalemera. Sipiriti amapha tizilombo koma amaumitsa, ndipo pa khungu lotupa kale amangowonjezera moto. Madontho awiri a gilisalini osakaniza ndi madzi m'manja amakwana. Lezala limatha ntchito pakati pa kumeta kwachitatu ndi kwachisanu, ndevu zolimba ngakhale kwachiwiri, ndipo chizindikiro chake n'chakuti limayamba kukoka. Malezala osachita dzimbiri anafala kuyambira 1962 pamene Wilkinson Sword inatulutsa ake, komabe madzi amchere akaumira pa mpeni wake amasiya zoyera zimene zimaubunthitsa, choncho masulani chogwirira, tsukani, muumitse. Ndevu imene yabaya khungu musaizule, ingotukulani nsonga yake ndi singano yowiritsa. Mafinya akachuluka kapena zipsera zikayamba kukula n'kulimba, imeneyo ndi nkhani ya ku chipatala.

Pamene ndidakali ndi chikaiko ndi pa kamalo kozungulira kaja ka pakhosi. Pamenepo muvi sujambulika, kulikonse kumene lezala lingalowere ndevu zina zikhala zikumetedwa mobwerera. Kugawa kamaloko pawiri n'kumeta mbali iliyonse payokha kumathandizako, koma ziphuphu ziwiri zitatu zimatulukabe. Mwina pamenepo n'pongodutsa ndi mashini n'kusiya, mwina n'kudikira masiku atatu m'malo mwa awiri. Ulendo wachiwiri wa lezala pa masaya, wometa mopingasa kumene ndevu zagonera, nawo ndikuuyesabe, nyengo yozizira ya Juni ukuoneka kuti suvuta, koma kutentha kukabwerera ndi thukuta lake sindinaone kuti khungu liulandira bwanji.