Gemu ya Royals ndi Mets ya 2015, ija ndiye baseball

Anzanga amene mumati baseball ndi yotopetsa kayang'aneni gemu 5 ya World Series (ndime yomaliza yolimbirana chikho cha baseball ku America) ya 2015 pa YouTube, Kansas City Royals ndi New York Mets, pa 1 November ku Citi Field, bwalo la Mets. Ine kwa ine palibe gemu yondikoma ngati imeneyi.

Mets imatsogola 2-0 mpaka inning (chigawo cha gemu) ya 9, yomwe imayenera kukhala yomaliza, Matt Harvey wa Mets akuponya moto weniweni. Ndiye Lorenzo Cain wa Royals anafika pa first (wosewera amadutsa first, second ndi third kuti akafike home n'kupeza run, yomwe ndi chigoli), n'kuba second (kuthamangirako mpira usanamenyedwe), mnzake Eric Hosmer n'kumenya double (mpira womufikitsa pa second) Cain n'kulowa home. Pomwe panandigwira mtima ndi apa, Hosmer ali pa third, Salvador Perez wamenya kampira kofooka kopita kwa David Wright wa Mets, Wright atangoponya ku first basi Hosmer anautsa liwiro kulunjika home osayang'ananso m'mbuyo, Lucas Duda wa Mets, amene anawakha mpirawo pa first, mwaphuma anaponya pambali pa home, 2-2! Kulimba mtima kumeneko sikwamasewera ayi, Duda akanaponya bwino gemu ikanathera pompo Mets itapambana.

Koma oponya mpira a Royals anthu sawatchula mokwanira. Edinson Volquez anasewera bambo ake atangomwalira kumene, anangolola ma run awiri. Kenako Kelvin Herrera, Luke Hochevar ndi Wade Davis anatseka khomo, Mets osapezanso kanthu.

Gemu inapitirira chifukwa cha 2-2 ija, ndipo inning ya 12 Jarrod Dyson wa Royals analowa kudzangothamanga, anaba second, Christian Colon n'kumulowetsa. Inathera 7-2, chikho choyamba cha Royals chichokereni 1985, Royals osamenya home run (mpira womenyedwa kunja kwa mpanda) ngakhale imodzi usiku umenewo.